Kodi "zaboo" ndi timoto tokhatokha zingamuphunzitse munthu kujambula?

Nachisale_1300D
Moni nonse. Ndili ndi dandaulo ndipo ndikupempha tikambirane mosapsatira. Munthu ukaika chithunzi muno, mayankho ake ndi amodzimodzi: "zaboo", "mwatha ntchito", timoto (tizithunzi ta moto) titatu, basi. Ngakhale chithunzi choti mwini wakenso akuona kuti china chake chalakwika chimalandira timoto tomweto. Nanga tidziwa bwanji pokonza?

Chitsanzo ndi chimene ndaika m'mawa uja, cha pa chinkhoswe cha msuweni wanga ku Chilomoni. Ndinajambula cha m'ma 12 koloko masana ndi Canon 1300D, lenzi ya 18-55 yobwera ndi kamera, pa Auto. Tenti yoyera yatuluka bwino, zitenje zatuluka bwino, koma nkhope za eni chinkhoswe zada bii, maso sakuoneka. Anthu muno alemba kuti "chokongola". Azakhali anga atachiona afunsa kuti, "Kodi ameneyu ndiye ndani?" Chonde ndiuzeni chalakwika, ndipo tione ngati tingasinthe kayankhidwe kathu.

Chiperoni_Boy
Mwayankhula achemwali. Timoto tachuluka muno.

MwanaWaMsodzi
Koma samalani ndi zomwe mukupemphazi. Ine pa gulu lina ndinaika chithunzi cha mabwato, wina anangolemba kuti "gulitsani kamerayo mugule mbuzi". Anthu anaseka, ine ndinatuluka pa gulupo. Bola timoto kusiyana ndi zimenezo.

Gogo_Filimu
Ana anga, zonse ziwirizo n'zofanana. Wolemba "zaboo" ndi wolemba "gulitsani kamera" onse sanachiyang'ane chithunzicho. Zili ngati kumuuza wophika kuti ndiwo sizikukoma osanena ngati ndi mchere, mafuta kapena sizinapse. Mawa aphikanso chimodzimodzi.

Tiyeni ku chithunzi cha a Nachisale. Kamera ikamayeza kuwala imayesetsa kuti chithunzi chonse chikhale chapakatikati, chosayera kwambiri, chosada kwambiri. Inu munaipatsa tenti yoyera imene yadzaza theka la chithunzi, kumbuyo kuli kumwamba kowala. Kamera inaona ngati kwawala mopitirira, ndiye inachepetsa kuwala konse. Tenti inapulumuka, nkhope zinamira. Onjezani apo kuti dzuwa la 12 koloko limachokera pamutu penipeni, makamaka miyezi ino ya Okutobala ndi Novembala, choncho chipumi chimaphimba maso ndi mthunzi.

Chochita chake: chokani pa Auto, ikani pa P kapena Av. Kumbuyo kwa kamera yanuyo kuli batani lolembedwa Av ndi zizindikiro za kuphatikiza ndi kuchotsera. Ligwireni, muzungulitse gudumu mpaka kachizindikiro kafike pa +1. Jambulani, muone nkhope. Tenti idzayera mbuu, koma palibe amene amasunga chithunzi cha chinkhoswe chifukwa cha tenti.

Nachisale_1300D
Zikomo agogo. Batani limenelo ndimangoliona. Nanga sipangakhale njira yoti nkhope ndi tenti zonse zituluke?

Namadzi50mm
Ilipo. Dzutsani fulashi ya pamwambayo ngakhale kuli dzuwa. Anthu amadabwa, koma ntchito yake apo ndi kudzaza mithunzi ya m'maso. Ingodziwani kuti pa 1300D mukayatsa fulashi, shutter (liwiro limene kamera imatsegukira n'kutseka) siipitirira 1/200 ya sekondi, ndiye ISO (mphamvu imene kamera imamvera kuwala) ikhale pa 100 ndipo aperture (bowo lolowera kuwala mu lenzi) idzatsekeka yokha mpaka cha m'ma f/11. Muyandikirenso, chifukwa kafulashi kameneko padzuwa sikafika patali, mamita awiri kapena atatu basi.

Njira ina yosalira ndalama: mnzanu agwire nsalu yoyera kapena katoni yomata pepala loyera cha m'munsi mwa nkhope, kuwala kuzibwerera kumaso. Pa mwambo weniweni n'zovuta, koma pojambula banja pambuyo pake zimatheka.

Kamba_wa_Zomba
Kapena kungowapempha alowe pansi pa mtengo wa mango. Mthunzi wa ulere.

Namadzi50mm
@Kamba_wa_Zomba mango ndi abwino chifukwa masamba ake ndi othithikana. Koma pansi pa mtengo wa masamba apatalipatali nkhope imatuluka mawangamawanga. Ndipo aime m'mphepete mwa mthunzi atayang'ana kunja kowala, osati mkati mwenimweni.

WakuJoni_Pix
Ndionjezereko pang'ono pa mawu a agogo. Vuto la khungu lathu pa chithunzi si lachilendo. Kuyambira m'ma 1950 kampani ya Kodak inkatumiza ku malo otsukira zithunzi khadi lotchedwa Shirley, lokhala ndi chithunzi cha mayi wachizungu, kuti makina aziyezera mitundu pa khungu limenelo. Khadi lokhala ndi amayi a makungu osiyanasiyana linadzatuluka m'ma 1990. Ngakhale Google inachita kulengeza mu 2021, potulutsa foni ya Pixel 6, kuti yakonza kamera yake kuti izijambula bwino anthu akuda. Ndiye maphunziro ambiri a pa YouTube amene timaonera aja amaonetsa nkhope zoyera pa kuwala kofewa kwa kwawo. Ife timajambula khungu lakuda, diresi loyera, dzuwa la ku Nsanje. Amene angakuuze zoona pa zimenezi ndi mnzako amene amajambula maukwati omwewo. N'chifukwa chake timoto timandiwawa: nzeru zili muno koma tikuzibisa.

Chiperoni_Boy
Nanga enafe a Tecno ndi Itel tilowe pati? Zonsezi ndi za ma Canon.

AnaPhiri_Lens
Achimwene, foni nayo ili ndi zomwezo. Dinani pa nkhope ya munthuyo pa sikirini, pabwera kadzuwa kapena kamzere, kakwezeni mpaka nkhope ioneke. Ndipo pukutani galasi la kamera musanajambule. Zithunzi zanu za ku Limbe zija zili ngati muli chifunga, koma ndi mafuta a zala. Musamakokenso ndi zala kuti chinthu chiyandikire, foni imangodula chithunzi n'kuchifufumitsa. Yendani ndi miyendo.

Chiperoni_Boy
Ndapukuta, ndajambula khomo la nyumba, kusiyana kulipo ndithu.

Bwana_Sharp
Ine ndinene maganizo anga ngakhale ena sawakonda. Mukufuna kudzudzulidwa koma mukufuna kusankha mawu ake. Wakutsina khutu ndi mnansi. Ngati chithunzi chili choipa ndinena kuti n'choipa. Kasitomala sadzakunyengererani, adzangokana kulipira. Gulu lino likasanduka la kusisitana, palibe atukuke.

MwanaWaMsodzi
Kutsina khutu tikuvomera, koma ena mumadula khutu lonse.

Mayi_a_Thoko
A Bwana_Sharp, mwezi watha munalemba pa chithunzi cha mtsikana wina kuti "zachibwana izi". Chiyambireni sanaikenso kanthu muno. Ndinabwerera kukachiona chithunzicho. Anajambula agogo ake akupeta mpunga, ndipo anagwira nthawi yeniyeni mpunga uli m'malere. Vuto linali loti kumbuyo kwa mutu wa agogowo kunali mtengo wa magetsi, ngati wamera pamutu. Mukanangoti "sunthani phazi limodzi kumanzere, mtengowo uchoke pamutu", bwenzi mwanena chilungamo chomwecho ndipo mwanayo bwenzi ali nafe. Inu maso muli nawo, zithunzi zanu timaziona. Koma zimene maso anu aona simulemba, mumalemba chigamulo chokha.

Bwana_Sharp
Mayi, nthawi yolemba ndime pa chithunzi chilichonse ndilibe. Bandulo nayonso ndi ndalama.

Mayi_a_Thoko
Ndiye yankhani chimodzi pa sabata, koma muyankhe chogwirika. Zotsalazo zidutseni.

Gogo_Filimu
Nthawi yathu ya filimu tinalibe pobisala. Mpukutu umodzi unali ndi zithunzi 36, ena 24. Umazungulira pa njinga m'midzi, kujambula anthu pa ngongole, kenako ulendo wa ku tauni kukatsukitsa. Pa malo otsukirapo tinkakumana ojambula ambiri tikudikira, ndipo maenvulopu akatuluka aliyense ankasuzumira za mnzake. Mawu ake anali achindunji: "apa wadula mapazi", "apa unaima motsutsana ndi dzuwa", "apa manja ananjenjemera". Panalibe wonena kuti "choipa" n'kusiyira pomwepo, chifukwa chala chake chinkakhala chili pa pepalapo, chikuloza malo ake. Muno chala chimenecho tilibe, ndiye mawu athu ndiwo aziloza: pakona ya kumanzere, pamwamba pa mutu, pa dzanja la mwanayo.

Nkhwazi265
Pepani ndipatuke pang'ono. Mwina vuto lina ndi loti zithunzi zimafika muno zitaphwanyika kale. Munthu wajambula bwinobwino, watumizira mnzake pa WhatsApp, mnzakeyo watumizanso, kenako screenshot. Pofika pano palibe angadziwe ngati kusaoneka bwinoko ndi kwa kamera kapena kwa WhatsApp. Potumizirana sankhani Document m'malo mwa Gallery, chithunzi chimapita chathunthu pamodzi ndi manambala ake a ISO ndi shutter.

Kamba_wa_Zomba
Document imadya bandulo bwana. RAW (fayilo ya chithunzi chosakonzedwa) imodzi ya kamera ngati ya a Nachisale ndi pafupifupi 25MB.

Nkhwazi265
Sindikunena RAW. JPEG yomweyo, kapena dinani HD. Ndipo polemba muzitchula manambala. Chithunzi chogwedera cha shutter ya 1/15 mankhwala ake ndi ena, chogwedera cha 1/500 ndi ena, chimenecho ndiye kuti kamera inalunjika pena.

MwanaWaMsodzi
Chabwino, ndiyese mwayi. Ndaika cha ku Senga Bay, 5 koloko itangodutsa, asodzi akubwera ndi usipa. Samsung ya kale, sindinakonze kalikonse. A Bwana_Sharp, khutu ndi ili, koma mulisiye pamutu.

Bwana_Sharp
Nyanja yapendekera kumanja, madzi akuchita ngati atayikira ku Chipoka. Wongolani mu pulogalamu yokonzera zithunzi ya Snapseed, pa Rotate. M'kamera ya foni yatsani timizere tija kuti muziona pojambula pomwe. Bwato mwaliika pakatikati penipeni ndipo mzere wa nyanja wagawa chithunzi pawiri mofanana, ndiye diso silikudziwa ngati nkhani ndi mitambo kapena madzi. Mitambo yanu ilibe kanthu tsiku limeneli, ichepetseni. Kuwala kokha mwakugwira, munadzuka nthawi yake.

Mayi_a_Thoko
Mwaona? Mizere inayi yokha, munthu wapeza pogwira.

AnaPhiri_Lens
Za kupendekera ndikuvomereza. Za bwato pakati ndikukana. A MwanaWaMsodzi, ndifunse kaye: mumafuna tione chiyani?

MwanaWaMsodzi
Bambo amene waima kutsogolo kwa bwatoyo. Wachezera usiku wonse pa nyanja ndi nyali, ndipo onani mmene mapewa agwera. Ndinakulira pa zimenezi, ndimafuna kutopa kwakeko kuoneke.

AnaPhiri_Lens
Ndiye nkhani yasintha. Vuto si malo a bwato, vuto ndi loti bamboyo ndi wamng'ono kwambiri m'chithunzi, mapewa mukunenawo ife sitikuwaona. Mukanadikira bwato lifike pafupi ndi mchenga, inu n'kugwada kuti thupi lake lidutse mzere wa nyanja n'kuonekera pa kumwamba kowala. Pano mutu wake wasakanikirana ndi madzi akuda. Akakhala pakati palibe mlandu, chifukwa nkhani ndi iyeyo.

Apa ndi pamene ndimasiyana ndi ambiri muno. Timathamangira malamulo: gawani patatu, musaike pakati, musadule apa. Malamulowo ndi othandiza, koma ukapanda kufunsa chimene mnzako amafuna kuonetsa, umamukonzera chithunzi chako osati chake. A Bwana_Sharp anaona chithunzi cha nyanja, mwini wake amajambula munthu.

Bwana_Sharp
Ngati mpaka achite kufotokoza ndiye kuti chithunzi chalephera kuyankhula chokha.

AnaPhiri_Lens
Eya, chalephera, n'chifukwa chake wachibweretsa. Koma kuti timuthandize chiyankhule, tiyenera kudziwa chimene chimafuna kunena.

Namadzi50mm
Pa mfundo ya a AnaPhiri ndionjezere za malo. Ku Senga Bay, Nkhotakota ndi Nkhata Bay gombe layang'ana kum'mawa, choncho m'mawa anthu a m'bwato amakhala ndi dzuwa kumsana, amatuluka ngati zithunzithunzi zakuda. Pa zomwe mukufunazo n'zabwino, chifukwa mapewa ogwa amaoneka bwino pa mdima wotero. Koma mukafuna nkhope, tembenukani: imani inu chakunyanja, mujambule akutsitsa nsomba kapena amayi akuyanika pa thandala, dzuwa likuwamenya kumaso. Ku Cape Maclear n'zosemphana, kumeneko dzuwa limalowera cha kunyanja, ndiye zakudazo mumazipeza madzulo. Ndipo kuno kuwala kofewa sikuchedwa, pakangotha ola dzuwa litatuluka kwauma kale.

Dedza_Pottery_Fan
Funso lapadera: asodziwo munawapempha? Ine ku msika wa Tsoka ku Lilongwe mayi wina anandikalipira koopsa nditangokweza foni.

MwanaWaMsodzi
Ndi anthu akwathu, amandidziwa. Koma kwina ndimayamba ndapereka moni, kucheza, mwina kugula kamulu ka usipa, kenako kupempha. Ndikajambula ndimawaonetsa.

Mayi_a_Thoko
Mayi wa ku msikayo sanalakwe. Anthu atopa ndi kuona nkhope zawo pa Facebook atalembedwa mawu achipongwe pansi. Ndipo za ana a eni tisamaike muno popanda makolo kudziwa.

Nyau_ya_Kasiya
Makamaka pa gule. Chaka chilichonse anthu amabwera ndi makamera, ena mpaka ku Kulamba ku Mkaika, ku Katete, mu Ogasiti. Poti UNESCO inauzindikira Gule Wamkulu mu 2005 sindiye kuti wasanduka wa aliyense. Pa bwalo pemphani kwa mfumu kapena akuluakulu a mwambo, akuuzani poima. Kudambwe ndi kumene zilombo zikuchokera musalondoleko ndi kamera. Ndanena izi chifukwa chithunzi china muno chinalandira timoto tambiri pamene chinajambulidwa malo osayenera, ndipo palibe anafunsa.

Gogo_Filimu
Kumeneko nakonso ndi kudzudzula koyenera. Chithunzi chikhoza kukhala chakuthwa, kuwala kwabwino, koma chojambulidwa mwakuba.

Nachisale_1300D
Ndabwerako. Ndamuimika mng'ono wanga pa khoma loyera kuseri kwa nyumba, dzuwa lomwe lija la masana. Ndaika zitatu: choyamba pa 0, chachiwiri pa +1, chachitatu ndi fulashi monga ananenera a Namadzi. Zonse ISO 100. Chachiwiri nkhope yaoneka koma khoma lapsa. Chachitatu zonse zaoneka koma chipumi chikunyezimira ngati wadzola mafuta ambiri. Ndi chiti chabwino?

Namadzi50mm
Chachitatu chili pafupi. Fulashi yachuluka mphamvu. Dinani Q, mupeze chizindikiro cha mphezi chokhala ndi kuphatikiza ndi kuchotsera, mutsitse pa -1. Cholinga n'choti munthu woona asadziwe kuti munayatsa fulashi. Apukutenso thukuta ndi kansalu musanajambule, khungu lathu limabweza kuwala msanga.

WakuJoni_Pix
Ine ndasankha chachiwiri. Khungu laoneka lamoyo, lofiirira bwino ngati mmene alili munthu. Khoma lapsa, inde, koma ndani akufuna khoma? Chachitatu chaphwatalala, mphuno ndi masaya zataya maonekedwe ake.

Nachisale_1300D
Ndiye ndimvere ndani?

Gogo_Filimu
Onse awiri akupatsani zifukwa, ndipo zifukwa zonse n'zoona. Chotsala ndi inu. Pa ukwati, pamene diresi loyera lili ndi maluwa osokedwa amene mkwatibwi walipira ndalama zambiri, simungalole lipse, fulashi idzakuthandizani. Pa chithunzi cha munthu mmodzi chongofuna nkhope, njira ya a WakuJoni ndi yokoma. Mukamaonanso chithunzi pa kamera, dinani batani losintha zoonetsa pa sikirini mpaka muone malo amene akuthwanima. Pamenepo ndi pamene papsa. Pakathwanima khoma, zisiyeni. Pakathwanima diresi kapena chipumi, bwezani.

Kamba_wa_Zomba
Nanenso ndaika changa. Phiri la Mulanje kuchokera m'minda ya tiyi, sabata yatha. Ndimafuna Chambe, imodzi mwa nsonga za phirili, aoneke ukulu wake koma phiri latuwa, ngati lili kuseri kwa utsi. Ndakweza mitundu mu pulogalamu ya Lightroom koma tiyi yekha ndiye wabiriwira mopweteka maso.

Nkhwazi265
Ndi utsi ndithu. Seputembala ndi Okutobala mpweya umadzaza fumbi ndi utsi wa moto wa tchire, ngakhale kamera ya mamiliyoni singachotse. Bwererani mvula yoyamba ikagwa, kapena Epulo ndi Meyi, m'mawa kwambiri, miyala ya phirilo mudzachita kuiwerenga. Mitunduyo ibwezeni, tiyi waoneka ngati wa pulasitiki. Ngati mukufuna kupulumutsa chomwechi, yesani Dehaze, chochotsera chifunga mu Lightroom, pang'ono pokha, kapena chisandutseni chakuda ndi choyera, utsiwo usiyanitse mizere ya mapiri.

AnaPhiri_Lens
Ndipo ukulu wa phiri suoneka popanda choyerekezera. Sapitwa, nsonga yaitali kwambiri ya Mulanje, ndi mamita 3,002, koma pa chithunzi phiri lopanda munthu kapena nyumba patsogolo limaoneka ngati chulu. M'munsi kumanja ndikuona anthu othyola tiyi ali ndi madengu kumsana, koma mwawadula pakati. Mukanawalowetsa onse, inu n'kubwerera m'mbuyo n'kukoka ndi lenzi yaitali, phiri likanawaimirira pamutu.

Kamba_wa_Zomba
Lenzi yaitali ndilibe, ndili ndi 18-55 yomweyo.

AnaPhiri_Lens
55 ikukwana. Ikani pa 55, mubwerere m'mbuyo mpaka anthuwo akwane.

Admin_Mlonda
Ndawerenga zonse. Kuyambira Lolemba tiyesa motere kwa mwezi umodzi. Wofuna kudzudzulidwa alembe mawu oti NDIUZENI pamwamba pa chithunzi, atchule chida, nthawi, ndi chimene amafuna tione. Aike chimodzi kapena ziwiri, osati khumi. Woyankha aloze malo ake pa chithunzi ndi chimene mnzake angayese. Mawu onyoza munthu ndidzafufuta. Wosalemba NDIUZENI ndiye kuti akungotionetsa, timoto mutha kumupatsa. Woika chithunzi ayankhekonso pa cha mnzake mmodzi.

Chiperoni_Boy
Nanga ife ongoyamba tiyankha chiyani pa zithunzi za akuluakulu? Manambalawo sitiwadziwa.

Mayi_a_Thoko
Nenani pamene diso lanu linayambira kugwera ndi pamene linasochera. Zimenezo sizilira manambala, ndipo wojambula sangazione yekha chifukwa iye akudziwa kale chimene amafuna.

Bwana_Sharp
Lamulo loti woika ayankhenso pa cha mnzake ndalikonda. La kufufuta ndikuliopa, chifukwa ena akangouzidwa kuti chithunzi chagwedera amathamangira kwa admin kuti anyozedwa. Tisiyanitse. A Kamba, chakuda ndi choyera chija mukachipanga muike pambali pa choyambacho, tione ngati Chambe watuluka.